Kumene Mwala Umakaima

Pawindo la kalasi yathu pankalendewera dambe louma, lobooledwa kuchokera kumutu mpaka kunsi. Aphunzitsi athu a Sitandade 7 analiboola okha ndi waya wootcha pamoto, moti kukamwa kwa bowolo kunali kwakuda, ndipo ukayandikiza mphuno unkamvabe kafungo kopserera. Pachikamba pake anajambulapo Afirika ndi choko, wopindika ngati mwendo wa nkhuku, n'kuikapo kadontho kamene ankati ndi Likoma. Kunena zoona kadonthoko kanali kakakulu kuposa Malawi yense, koma ife eni chilumba sitinaone chifukwa chodandaulira. Zinali zaka zija sukulu itangokhala yaulere, ana tili thithithi m'kalasi, buku limodzi mitu mbwee, ndiye dziko lapansi lathu linali dambe limenelo basi. Ukaligwedeza, nthanga zotsalira zinkalira m'katimo. Anyamata ankati amenewo ndi azungu akukoka mipando kutsidya.

Ndikanaliiwala kalekale dambelo, monga ndinaiwalira zambiri za m'kalasi imeneyo, pakanapanda mwera wa chaka chimenecho.

Kwathu ndi ku Mbungo. Bambo anamwalira ndili wakhanda, choncho m'nyumba tinalimo atatu: amayi, achimwene, ndi ine mzime. Achimwene ankagwira ntchito pa chilimira cha amalume, ukonde waukulu uja wokokera usipa, ndipo iwo anali siginala. Siginala ndi amene amakhala yekha m'kabwato kokhala ndi nyali, kuitana nsomba ndi kuwala, anzake ali m'maboti chapatali kudikira kuti awakodole aponye ukonde. Ndi ntchito ya munthu wodziwa kukhala phee, ndipo achimwene anali otero. Kunyumba mawu awo anali owerengeka. Akafuna kundiseka ankanditcha Loya, chifukwa ndinkatsutsa chilichonse. Ngakhale tambala akalira ndinkati walira msanga.

Mwera unawapeza achimwene ali kutali, kunyanja yaikulu. Amalume ankafotokozera aliyense wobwera kudzapepesa, ndi mawu omwewo osasintha: mphepo inadzuka osachenjeza, nyali zinaoneka zikukwera ndi kutsika, kenaka sizinaonekenso. Kutacha anapeza bwato litatembenuka, nkhafi ikuyandama payokha. Munthu ayi.

Anafunafuna. Maboti a ku Mbungo, a ku Yofu, ngakhale a anthu a ku Cobue, kutsidya kwa nyanja, obwera ndi nkhuni, onse anayendera magombe ndi mapanga a miyala. Pachilumba aliyense amadziwa kuti nyanja imasunga munthu masiku ochepa kenaka n'kumubweza, ndiye amuna ankalawirira kukayang'ana kumene mafunde amatayira zinyalala. Masiku aja anakwana, napitirira. Apo asodzi akuluakulu anayamba kuyankhula motsitsa mawu pansi pa mango wakwathu, kuti pamene bwatolo linatembenukira ndi pamalo paja popanda pansi. Ankati makolo awo analumikizapo zingwe zonse za m'mudzi, mwala kunsonga, chingwe n'kutha mwala usanagunde kanthu. Wolowa pamenepo saoneka. Ankaganiza kuti amayi sakumva, koma windo la chipinda chawo linalibe galasi.

Mwambo wake ulipo, ndipo si wachilendo kwa anthu a m'mbali mwa nyanja. Mtembo ukasowa, amadula thunthu la nthochi lotalika ngati munthuyo, kulikulunga m'nsalu, kuliika m'bokosi, n'kukaliika kumanda monga amaikira munthu aliyense, nyimbo ndi mapemphero zonse. Akatero maliro atha, anthu amwazikana, ntchito ziyambanso. Asanatero palibe chimene chimayenda. Anyamata a pa chilimira anakana kulowa m'madzi mnzawo asanaikidwe. Ukonde unangounjikidwa pamchenga, ndipo mabanja onse amene ankadyera pa ukondewo anayamba kuyang'ana kunyumba kwathu.

Nthochi pa Likoma n'zosowa. Dothi lathu ndi la miyala, chinangwa ndi milambe. Amalume anatuma munthu wa ku Cobue, ndipo thunthu linabwera pa boti la nkhuni, lobiriwira, lonenepa, likudontha madzi podulidwapo. Analigoneka kuseri kwa nyumba pamthunzi. Chinatsala n'chimodzi chokha, choti mwini mwana avomere. Amayi anakana.

Sanakane ndi phokoso. Amalume akabwera n'kukhala pakhonde, chipewa pabondo, n'kuyamba kuti, "Alongo, anthu atopa," amayi ankangoti, "Dikirani." Amayi a bungwe la kutchalitchi anabwera ndi nyimbo zawo, yankho lomwelo. Ansembe anayenda wapansi kuchokera ku Chipyela, nakhala nawo nthawi yaitali, ndipo pobwerera anangowapukusira mutu amalume.

Ine anandipatsa ntchito yoingitsa mbuzi. Mbuzi za pa Likoma zimadya ngakhale katoni, ndiye thunthu la nthochi kwa izo inali Khirisimasi. Ndikaweruka kusukulu ndinkakhala pamwala ndi kamtengo m'manja, kulondera achimwene anga a nthochi. Ndikunena moseka lero, koma nthawi imeneyo ndinkaliopa. Linayamba kufota, makoko akunja kufiirira, kenaka kuda, n'kumatulutsa fungo lowawasa, tintchentche tili piringupiringu pamwamba pake. Amalume akamadutsa ankalibaya ndi chala kuti aone mmene lafewera, n'kuusa moyo.

Chimene chinkandiopsa koposa chinali amayi. Chakudya ankangochigwira n'kuchisiya. Chitenje chinayamba kuwazungulira kawiri. Tulo analibe. Akati atsamire khoma masana, maso n'kutsinzina pang'ono, ankadzidzimuka mwamphamvu, manja kutambasula ngati munthu woterereka pamwala wandere, n'kugwira chilichonse chili pafupi, nthawi zina mkono wanga, mpaka zikhadabo kulowa. Kenaka ankanyamuka kupita pa thanthwe lina lolowa m'madzi, pamene tinkachapira. Ndinawatsatira kangapo. Ankatola kamwala, kutambasula dzanja, kukasiya kagwe, n'kuwerama kukayang'ana kakutsika, kakuchepa, mpaka kusowa mu mdima wobiriwira. Akatero ankatola kena. Tsiku lina ndinawamva akufunsa mkulu wina wosoka ukonde kuti chingwe chachitali kwambiri chimene anaonapo chinali chotalika bwanji. Ine ndinkati akudikira achimwene, akuwerengera kutalika kwa njira yobwerera.

Mayi wina woyandikana nafe anauza mnzake pamtondo, ine ndili pomwepo, kuti zikapitirira chonchi tikumba manda awiri. Sananene mwankhanza, ankangonena zimene ankaona. Ndinathawira kuseri n'kukalira pafupi ndi thunthu lija, poti kunalibe kwina kolirira. Mwana pa zinthu zotere alibe chogwira. Ndinkatunga madzi, kusesa pabwalo, kuphika phala limene linkazizira m'mbale mpaka kuchita chikhungu pamwamba, ndipo m'mawa uliwonse ndinkayamba ndayang'ana ngati amayi akupuma, kenaka n'kumapita kusukulu.

Aphunzitsi athuwo anali mnyamata wa kumtunda, chakumpoto, woonda, wa malaya amodzi oyera amene ankachapa Loweruka lililonse. Nyanja ankaiopa ngati moto. Zinkamveka kuti pobwera pa sitima anasanza ulendo wonse, nalumbira kuti adzachoka pachilumba pokhapokha boma litamanga mlatho. Chinyanja chathu chinkawapota lilime, ifenso tinkawayeserera kumbali, koma akagwira dambe lija m'kalasi munkangoti zii.

Tsiku lina phunziro linali la mphamvu imene dziko limakokera nayo zinthu pansi. Mnyamata wina wa kumbuyo, wongofuna kutaya nthawi, anafunsa kuti bowo la m'dambelo likanakhala lenileni, dzenje loboola dziko mpaka kutsidya, munthu n'kuponyamo mwala, ukagwera kuti? Ankayembekeza kukalipiridwa. M'malo mwake aphunzitsi anaika choko pansi, maso n'kuwala, ndipo masamu a tsikulo anafera pomwepo.

Anati mwalawo uyamba pang'onopang'ono, n'kumanka uthamangirathamangira, chifukwa dziko likuukoka. Koma ukamalowa m'kati, dothi ndi miyala zimene wazisiya kumwamba sizithandizanso kuukokera pansi, ndiye kukokako kumanka kuchepa. Ukafika pakati penipeni palibe mbali imene ikuukoka kuposa inzake. Komabe suima, poti wafika ndi liwiro loopsa, loposa ndege iliyonse. Upitirira, tsopano ukukwera kulowera kutsidya, dziko likuukokera m'mbuyo, liwiro likutha, likutha, mpaka ukangosuzumira kukamwa kwa dzenje mbali inayo. Pamenepo uima kamphindi, ngati mlendo amene waona kuti wasokera nyumba, n'kugwanso kubwerera. Ulendo wopitawo sukwana ndi ola lomwe, anatero, ndipo chimwala ndi kamwala zifika nthawi imodzi. Anatinso utakumba dzenje lowongoka loterera kuchokera pano kukatulukira ku Cobue, nthawi yake ikhala yomweyo. Apo kalasi yonse inakana, chifukwa ku Cobue tinkakuona ndi maso tili pabwalo la sukulu, ndipo wina anati bola ngalawa ya bambo ake. Aphunzitsi anaseka nafe. Kenaka anamangirira kiyi wa kalasi ku ulusi n'kumukankha kuti azilendewera uku ndi uku.

"Chonchi," anatero. "Kupita, kubwera. Wotaya mwala akadikira pakamwa pa dzenje, udzamupeza pomwe waimapo."

Wina anafunsa kuti kutsidya kwa Likoma kuli dziko lanji. Anazunguza dambe, naloza mbali yopanda choko. Anati kumeneko kuli nyanja ina, yamchere, yaikulu zedi. Anawonjezera mawu ena, oti zonsezi zingachitike m'dzenjemo mutakhala mopanda mpweya ndi mopanda chilichonse chokhula mwalawo, koma belu linali litalira, ana akukankhana pakhomo, ndipo ine ndinali nditatola kale zimene ndinkafuna. Malo opanda pansi, nyanja uku nyanja uko, ndipo chogweramo chimabwerera pomwe chinachokera. Mutu wa mwana wofedwa sufuna umboni woposa pamenepo.

Ndinathamanga njira yonse ya ku Mbungo, minga osaimva, n'kuwapeza amayi pathanthwe paja. Ndinawafotokozera zonse ndili wefuwefu, dzanja langa likulendewera uku ndi uku ngati kiyi wa aphunzitsi. Koyamba chichitikire ngoziyo anatembenuka n'kundiyang'ana m'maso.

"Tabwereza," anatero.

Ndinabwereza.

"Ndiye mwalawo ukabwera kuno?"

"Ugwanso, Amama. Upitenso kutsidya, ubwerenso. Koma munthu atakhala pafupi ndi boti akhoza kuuwakha."

"Popanda wouwakha?"

"Uzingopita n'kumabwera."

"Osaima?"

"Osaima!" Ndinayankha monyadira, ngati ndakhoza mayeso.

Kamwala kamene kanali m'dzanja mwawo kanagwera pathanthwe. Ine ndinati nkhani yabwino yawafika pamtima.

Kwa amalume ndinapita ndi dongosolo lathunthu: atenge boti, akaime pamalo paja, anyamata azisinthana, maso pamadzi. Ndinawapeza akusoka ukonde umene sunkapita kulikonse. Anandimvetsera mpaka kumapeto, chimene sankachita kawirikawiri, kenaka anati, "Loya, pita ukaone mbuzi." Dzina limenelo ankanditcha ndi achimwene okha. Atalitchula anatembenukira kumbali n'kumapukuta kumaso ndi chipewa.

Mawa lake anabwera pakhonde, osakhala pansi. Anati thunthu likuola, ana a anyamata awo akugona ndi njala, ndipo Lolemba adzukulu akumba manda, amayi avomere asavomere. Ndinali ndisanawaonepo amalume akuyankhula ndi mlongo wawo ali chiimire. Lero ndimawamvetsa. Anali atasenza mabanja ambiri pamutu, kuwonjezera pa mwana wa mlongo wawo amene anapita naye okha kunyanja n'kubwerako opanda iye. Koma kuika maliro mwini mwana atadzitsekera m'nyumba ndi bala limene banja silichira nalo, ndipo tonse tinkadziwa zimenezo. Amalume atachoka, amayi anandiitana.

"Loweruka undiperekeze kwa aphunzitsi ako."

Wina angadabwe kuti mayi wofedwa akukafuna chiyani kwa mphunzitsi wa pulayimale. Ameneyo sadziwa Likoma. Makolo athu anakulira m'manja mwa mishoni, ndipo pachilumba munthu akhoza kukangana ndi akuluakulu a m'mudzi, kunyinyirika ndi ulaliki, koma chimene chanenedwa pa bolodi chanenedwa basi. Amayi sukulu analekezera Sitandade 3, ndipo mwina n'chifukwa chake ankaikhulupirira kuposa ife amene tinkapitako tsiku ndi tsiku.

Njira imene ine ndinkaidya mothamanga inatitengera m'mawa wonse. Mwera unkaomba m'minda ya chinangwa, masamba onse atapendekera kumodzi, mchenga ukulowa m'mano. Amayi ankayenda pang'ono n'kukhala pamwala, kuyenda pang'ono n'kukhalanso. Ndinawagwira mkono ndipo zala zanga zinakumana. Komabe mumtima ndinkaimba. Ndinkaona kale aphunzitsi akulamula amalume kuti atulutse boti.

Tinawapeza kuseri kwa nyumba yawo atawerama pabeseni, akuchapa malaya oyera aja, atavala vesiti yobooka. Ataona amayi anasowa pobisala. Anathamangira m'nyumba kukatenga mpando umodzi womwe anali nawo, koma amayi anakhala pansi n'kutambasula miyendo, ndipo iwonso anachita manyazi kukhala pampando, nanjuta chapafupi, thovu likuuma m'mikono. Za achimwene ankazidziwa, monga aliyense pachilumba. Atamva chimene tabwerera anandiyang'ana ine, ndipo nkhope yawo inagwa.

Anayamba ndi kupepesa. Anati dzenje lotero kulibe, ndi nkhani yongoganizira kuti ana amvetse phunziro. M'kati mwa dziko muli moto wosungunula miyala, palibe angakumbe. Anati nyanja yathu ndi yakuya zedi, koma pansi palipo paliponse, zingwe za asodzi n'zimene zimachepa.

"Munapaona pansipo, aphunzitsi?" anafunsa amayi.

"Ayi, mayi. Ndinawerenga."

"Amene amadutsa pamenepo tsiku ndi tsiku akuti palibe. Inu nyanja mumaiopa, ndinamva." Sankawanyoza, ankangoika zinthu m'malo mwake. "Tiyeni titenge kuti asodzi akunena zoona. Mwanayu akuti chogwera m'menemo sichiima. Ndabwera kuti ndimve pakamwa panu."

Aphunzitsi anapukuta manja pa buluku. Ndikamakumbukira ndimawamvera chisoni. Anali mnyamata wongosiyana pang'ono ndi achimwene, kutali ndi kwawo, mayi wofedwa ali patsogolo pake, osadziwa yankho limene lingamuphe ndi limene lingamuchiritse. Anachita chokhacho chimene ankatha, kunena mmene zinthu zimakhalira. Anasolola chingwe cha nsapato yawo, namangirirako kamwala, nakakankha.

"Taonani, mayi. Mwanayu wanena theka. Kupita ndi kubwera kosatha kuja n'kwa dzenje lopanda mpweya. Koma mukakhala mpweya, kapena madzi, chinthucho chimakhulika ponse pamene chikudutsa. Kutsidya sichifika. Kunonso sichibwerera."

Tinakayang'ana kamwalako tonse atatu. Kankapita, kubwera, ulendo uliwonse kufupikira, kufupikira, kenaka kankangonjenjemera, kenaka kanangoti phee.

"Chimaima," anatero amayi.

"Chimaima, mayi. Pakati."

"Osagwanso?"

"Kulibenso kogwera. Ukakhala pakati pa dziko, kulikonse kumene ungaloze ndi kumwamba."

"Nanga chimatsamira pa chiyani?"

"Sichisowa potsamira. Pamenepo chinthu sichilemera. Dziko limachikoka mofanana mbali zonse, ndiye chimangokhala. Ine ndikuti pansi pa nyanja palipo, ndipo chogwera pamenepo chimafika tsiku lomwelo. Koma ngakhale asodzi atakhala kuti akunena zoona, malekezero alipo ndithu. Palibe chimene chimagwa mpaka kalekale."

Ine ndinadzuka njo. "Koma munati umabwerera! Munati udzamupeza pomwe waimapo!" Ndinakuwa, kukuwira mphunzitsi, pamaso pa amayi, chinthu chimene tsiku lina chikanandidyetsa ndodo kawiri, kusukulu ndi kunyumba. Palibe anandikalipira. Aphunzitsi anangoti, "Pepa," maso ali pansi. Amayi anatulutsa mpweya wautali ngati munthu wotula mtolo wa nkhuni, naomba m'manja mwaulemu.

"Zikomo, aphunzitsi. Mwandithandiza."

Pobwerera sindinawagwire mkono. Ndinkayenda patsogolo, ndikukankha timiyala ndi phazi, ndikudikira kuti andiitane andiuze kuti mphunzitsi woopa nyanja sangadziwe za nyanja. Sanandiitane.

Titafika kunyumba analunjika kuseri. Tsiku limenelo mbuzi zinali zitapeza mpata poti mlonda kunalibe, ndipo mbali imodzi ya thunthu inali yodyedwa. Amayi anagwada, nadula ndi mpeni podyedwapo, n'kuyamba kusenda makoko oolawo ndi manja, limodzi limodzi, madzi akuda akuyenderera m'zigongono, mpaka anafika pa mtima wake woyera, wosalala, wozizira. Unali utachepa kwambiri. Sunkafika pa msinkhu wa achimwene, mwina wa mwana woyamba sukulu. Anautsuka ndi madzi a mumtsuko, naukulunga m'chitenje chawo chabwino cha kutchalitchi, nakhala pomwepo kanthawi dzanja lili pamwamba pake. Kenaka anandituma.

"Kawauze amalume ako kuti Lolemba lili bwino."

Tinaika Lolembalo. Manda a pa Likoma ndi ovuta kukumba, adzukulu analimbana ndi miyala mpaka matuza. Bokosi linali lopepuka moti anyamata awiri akanatha kuthamanga nalo, koma analinyamula anzawo onse a pa chilimira, akusinthana, akuyenda pang'onopang'ono mapewa atawerama, monga amachitira ndi munthu wamkulu. Palibe anawauza kuti atero. Nyimbo zinaimbidwa zonse, osadumphapo ndime. Amayi analira tsiku limenelo kulira kumene anali asanalire chiyambire, kokweza, kotchula dzina, amalume atawagwira m'mapewa nawonso akulira. Ine sindinalire. Ndinaima kumbuyo nditakunga nkhonya, ndikuona akulu onse a m'mudzi akukwirira nthochi.

Anthu atamwazikana, amayi anadya chinangwa chophika, mbale yonse, n'kumwera madzi. Anayala mphasa pakhonde dzuwa likadali pamutu, nagona chammbali, dzanja kunsi kwa tsaya. Ndinakhala pafupi kudikira kuti adzidzimuke, atambasule manja, andikande mkono. Sanadzidzimuke. Mphepo inkakupiza nsonga ya mpango wawo, ntchentche inatera paphazi, nkhuku zinadutsa ndi anapiye, kugombe anyamata akukokera boti m'madzi ndi phokoso lawo lonse, iwo ali mtulo, kukamwa kuli pang'ono yasa.

Ndinawakwiyira mwera wonse wotsalawo, iwo ndi aphunzitsi omwe. Kwa ine aphunzitsi anali atabweza mawu, ndipo amayi anali atataya achimwene chifukwa cha kamwala ka pa chingwe cha nsapato. Zinanditengera zaka, mpaka nditabereka wanga, kuti ndione chimene chinali poyera. Amayi sanadikirepo kuti achimwene abwere, ngakhale tsiku limodzi. Anakulira pa nyanja, ankadziwa. Chimene chinkawaletsa tulo chinali choti mwana wawo akugwabe, yekhayekha, mu mdima wopanda polekezera, ndipo sakanatha kumuimbira nyimbo zoti wapumula asanamve kuti waima penapake. Ine pakhonde paja sindikanazimvetsa zimenezo. Ndinkangoona mayi amene mwana wake sanapezeke ali mtulo masana, ndipo ndinawagwedeza phewa kuti adzuke tipite kuthanthwe.